Mfumu Yopereka Makiyi

A Dunstan anali atakwera pampando, akukhoma msomali m'nyumba yawo ku Lang'ata. Mkazi wawo Veronica ananyamula chithunzi chomwe iwo anagula ku Spain, cha mfumu yachisilamu yogonja ikupereka makiyi a mzinda wake kwa mfumu yachikhristu.

Mlongo wake wa Veronica, Twaibu, wophunzira ku Kahawa mumzinda womwewo, analowa osaodira.

"Achemwali, ababa anatisiya Lachiwiri ku Mangochi. Anaikidwa tsiku lomwelo."

"Mpaka lero osandiuza? Foni tili nayo."

Twaibu anayang'ana chithunzicho, kenako kamtanda ka pakhosi pa Veronica.

"Analetsa. Ankati mwana wawo Asiyatu anamwalira tsiku limene munabatizidwa n'kusintha dzina. Veronica iwo sankamudziwa."

A Dunstan anatambasula dzanja, atacheukira kukhoma.

"Tandipatsani ndipachike, amayi."

Veronica anaweramitsa mutu, napereka.