Manambala Amene Owen Anadula

Galimoto yokumba mijigo inali itaboola kale pakati pa dimba la Amayi Zipora ku Njewa. Mpiru wonse unali m'matope.

"Ndani anakuuzani kuti ndikufuna mjigo?" anakalipa mayiwo.

Ennie, amene analemba pulogalamu yolozera madalaivala malo okumba, anali pomwepo ndipo anayang'ana uthenga umene dalaivala analandira. Nambala yolozera malo inali -13.97 basi, pomwe iye anasunga -13.974826, ya pasukulu pamene mjigowo unayenera kukumbidwa.

Anaimbira Owen, mnzake wa kuntchito. "Posandutsa nambala ija kukhala mawu a uthenga, unadula manambala akumapeto?"

"Amanyansa pa foni. Ndi tating'ono tomwe tija."

"Tating'onoto ndi theka la kilomita, Owen. Ana kusukulu akudikira ndi zidebe."

Ennie anapatsira mayiwo foni ija. "Amayi, mwini wake wa zonsezi ndi uyu. Musamunyengerere."