Mapichesi Akuda Mkati

Nkhwangwa inali itabuntha, koma Lucious Mbewe sanasiye kutema.

Chaka chimenecho dzina lake silinatulukenso pa makuponi. Fodya kumunda anali atayamba chikasu posowa fetereza. Chiyembekezo chinatsalira pa mitengo ya mapichesi imene malemu bambo ake anabzala kuseri kwa chigafa. Koma mvula ya Disembala inabwera ndi chuku. Zipatso zinkawolera mumtengo momwemo, n'kumagwa zitamera ubweya wotuwa.

Mlangizi wa zaulimi, mayi Ezelina Phiri, anabwera n'kutola zipatso za mtengo uliwonse, ati akaziyeze. Kupita kwake kunali komweko.

Mtengo umene unkamukayikitsa Lucious unali wapakona. Zipatso zake zinkaoneka bwinobwino kunja, koma ukangocheka, mkati munkada ngati dzimbiri usanalume n'komwe. A Kassim, a golosale ku Santhe, anabweza dengu lonse.

"Izi zikuwolera mkati, achimwene. Ndigulitsa kwa ndani?"

Kwa Lucious nkhani inathera pomwepo. Matenda ankachokera mumtengo umenewo n'kumalowa mu inzake.

Mkazi wake Consolata anaima potero, atanyamula khasu limene anamutuma.

"Abambo a Goodness, bwanji tidikire alangizi?"

"Kuponi ndadikira, mvula ndadikira. Ndatopa nako kudikira."

Mtengo unagwa dzuwa lili paliwombo. Lucious anasadza nthambi, anakumba chitsa mpaka mizu, naunjika zonse pamodzi. Mitengo yaiwisi inkakana moto, ndiye anasasula udzu wakale wa chigafa n'kuthirapo parafini wa mukoloboyi. Anakhala pansi atatsamira chipupa, manja ali matuza okhaokha, akuonerera utsi. Mtima unakhalako pansi. Yotsalayo mwina ipulumuka.

Chakumadzulo panamveka njinga yamoto. Mayi Phiri anatsika akumwetulira, sizasi yodulira nthambi ili m'manja.

"Bambo Mbewe, muli ndi mwayi! M'dera lonse lino, zipatso zimene chuku chalephera kulowa ndi za mtengo wanu umodzi wokha, zija zimada mukazicheka. Kudako si matenda ayi, ndi madzi a m'chipatsomo amene amalimbana ndi chuku. Ndabwera kudzadula nthambi timezanitse ku mitengo ina yonse."

Anayang'ana uku ndi uku, akukupiza utsi kumaso.

"Mtengowo ndi uti?"