Salimoni Pansi pa Bedi

"Mwaibisa kuti?" Fedosia anafunsa mwamuna wake, mphuno ili m'mwamba.

"Pansi pa bedi. Tsitsani mawu, mayi," anatero Wassillie.

Chaka chimenecho nsomba za salimoni zinakwera mtsinje wa Yukon zowerengeka ngati mano a nkhalamba, boma n'kuletsa kuponya ukonde. Koma Wassillie, nkhuli itamugwira pakhosi, anakakola imodzi yonona. Kukaiwamba kutali ndi nyumba, monga achitira aliyense, anaopa. Utsi ukanamuulula kwa alonda a nsomba, ukonde ndi bwato n'kulandidwa.

Fungo litayamba kulalikira lokha, masana ena chitseko chinagunda. Gu! Gu!

"Alonda aja!" ananong'ona Wassillie, bambo wamkulu ndi ndevu zake, akubisala kuseri kwa mkazi. "Kawauzeni ndapita kutchalitchi."

Fedosia anasuzumira pawindo, n'kubwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono.

"Bambo a Evon, mfuti ili kuti?" anafunsa mwamuna wakeyo.

"Ndaisiya m'bwato. Bwanji, abwera angati?"

"Mmodzi yekha. Nayenso chaka chino mtsinje wamumana."

Pampata wa pansi pa chitseko panatulukira mphuno yakuda ya chimbalangondo, ikununkhiza. Kenaka thabwa loyamba linang'aluka.