Khwangwala ndi Zikho Ziwiri

Padangotero, chilala chinaumitsa dziko la Khwangwala, ndipo iye ndi mkazi wake anayamba kukangana za kosamukira.

"Tipite kwa Akakowa, kuli mpunga wosatha," anatero mkaziyo.

"Mayi a ana, taonani nthenga za anathu. Kodi mbalame zoyera zija zikalola ana akuda chonchi kusewera ndi awo?"

Kutacha, Khwangwala anauluka kukadzionera yekha. Kwa Akakowa anapempha madzi, ndipo anamupatsa m'chikho chatsopano uku akumwetulira. Koma atanyamuka n'kucheuka, anawaona akukataya chikhocho kudzala, atachigwira ndi tsamba.

Kenako anapita kwa Ankhanga, kumene kunali miyala ndi mapira ochepa. Chikho chawo chinali chakale, chobenthuka. Asanamalize kumwa, Nkhanga wina anamulanda.

"Achimwene, mukufuna kumaliza chitsime chonse? Nafenso tili ndi ludzu." Anamwa pomwe panali mlomo wa Khwangwala, n'kupatsira mwana wake.

Atafika kwawo, Khwangwala anafotokoza zonse. "Mpunga tiusiye, mayi a ana. Tiyeni kumene anandilanda chikho."

Mkaziyo anayang'ana ana ake, n'kuyamba kupasula chisa.

Nthano yanga yathera pamenepo.