Kona Yopanda Wokoka Malaya

Pakona yaikulu ya pamwamba pa phiri, njinga yamoto inapendekeka bwinobwino n'kukhota mosavuta. Bambo amene ankaiyendetsa mtima unangoti myuu.

Zaka zonsezi ankakwera msewu umenewu mkazi wake ali kumbuyo. Mayiyo ankaopa phompho. Njinga ikapendekera kumanzere, iye ankakankhira thupi kumanja atamukoka malaya mwamuna wake, njinga n'kumagwedezeka.

"Mudzatigwetsa inu," bamboyo ankadandaula.

"Inunso muziyendetsa ngati munthu wa ana," mayiyo ankayankha.

Tsopano anaima pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Kumunsi, mitambo inali itaphimba chigwa chonse. Chipewa cha mkazi wake chinali chomangirira pampando wakumbuyo.

Mlamu wake, mchimwene wa malemu mkazi wakeyo, amene ankamutsatira pa njinga ina, anafika akumwetulira.

"Alamu, lero ndiye mwakhota ngati mnyamata. Chiyambire sindinakuoneni mukukhota bwino chonchi."

Bamboyo anapititsa dzanja kumbuyo n'kusisita malaya ake cham'chiuno. Anali osalala monga anawasitira m'mawa, opanda makwinya.

"Eya, alamu," anatero akuyang'ana kuchigwa. "Palibe wandikoka."