Chikompyuta cha Mdala Zingwe

Bwana anagulira mlamu wake laputopu yatsopano, ine n'kundisiyira chikompyuta cha malemu Mdala Zingwe, amene ankakonza makanema pa situdiyo pano. Mlamuyo ngakhale kudula kanema sadziwa!

"Kanema wa ukwatiyu atuluke mawa, apo ayi usabwerenso," anatero bwana.

Ndinabwerera ku situdiyo usiku, mtima ukuwira. Mlonda anakhoma chitseko ine ndili mkati, monga amachitira poopa akuba, n'kupita kugeti. Chipindacho chilibe windo, ndipo m'makoma anamatamo masiponji otchinga phokoso.

Chikompyutacho chinkachedwa, ndiye ndinachizimitsa, n'kuzula chingwe pakhoma, n'kutsegula m'mbali kuti ndiwonjezere memore, kachipangizo kothandiza kuti chizithamanga. Mdala ankachikondera zomwezi. Ankati, "Timalaputopu tanuto n'todzaza kale. Umu, mphwanga, malo sasowa."

Fani ya m'chikompyutamo inayamba kuzungulira, chingwe chili m'manja mwanga.

Sikirini inayaka. Inaonetsa chipinda chomwecho, ine nditagwada, ndipo pampando wanga panali munthu atavala mahedifoni. M'chipindamo mulibe kamera.

Ndinamenya chitseko, ndinakuwa mpaka mawu kusasa, koma masiponji anameza zonse.

Mpando unalira kumbuyo kwanga.

"Chitsekocho chisiye, mphwanga," anatero Mdala Zingwe. "Umu malo sasowa."