Gemu Yopanda Nyimbo

Geresomo analowa m'shopu ya Jacqueline pa Bangula ufa wa kuchigayo uli mbuu m'nsidze. Moni sanapereke. Anangoponya foni yake pakauntala, pakati pa mafoni a anthu amene ankatchajidwa.

"Iwe mwana iwe, nyimbo yanga unaitaya kuti?"

Mawu ake anakamveka kumsewu. Geresomo masiku amenewa ankakuwa ngakhale popempha mchere, ndipo Lonely wa kabaza, amene ankadikira foni yake pabenchi, anasendera kukhoma.

Mkwiyowo unali ndi pochokera. Zaka zinayi zapitazo Jacqueline, atabwerako kusukulu ya makompyuta ku Blantyre, anapanga gemu ya pafoni yotchedwa Mwadiya, dzina la bwato m'Chisena. Munthu umapalasa kuwoloka Shire, uku ukuzemba ng'ona ndi mvuu. Kunena zoona, zithunzi zake zinali zosaoneka bwino, ng'ona inkafanana ndi buluzi. Chimene chinaitchukitsa ndi nyimbo. Geresomo, wogwira ntchito kuchigayo mkati mwa sabata ndi woimba valimba, chida cha timitengo ndi zikho, kumaukwati Loweruka, anaipeka yekha. Anaiimba pa timitengo ta kumapeto kwenikweni, tija tating'ono ta mawu akuthwa, ndipo pakati pake panali kachizolowezi kake: kugogoda katatu, kupuma, kenako kawiri. Ana ankaiimba ndi mluzu popita kusukulu. Mafoni a kabaza ankalira nyimbo imeneyo kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka.

Kenako kunabwera madzi osefukira. Anakokolola valimba yake, zikho zake zonse, ndi foni yomwe. Kuyambira pamenepo Geresomo anangotsala ndi chigayo, kubangula m'mawa mpaka madzulo, ndipo kwa iye nyimbo ija inatsala malo amodzi okha padziko lapansi: mu gemu ya mtsikanayu. Jacqueline analonjeza kuti mu gemu yachiwiri nyimboyo idzakhalamo. Geresomo anagula foni yatsopano chifukwa cha lonjezo lomwelo.

Dzulo lake mwana wake anamuikira Mwadiya yachiwiri. Zithunzi zinali zokongola, palibe wokana. Koma m'khutu munangobwera madzi kugavira, nkhafi kugunda m'mbali mwa bwato, ndi mvuu kudzuma chapansipansi. Anapalasa mpaka tsidya lija, nabwerera, napalasanso. Nyimbo zii.

"Ndamva zimene ukuuza anthu," anatero, chala chili pamphuno pa Jacqueline. "Akuti masiku ano gemu imafuna phokoso la malo, kuti wosewera azimva ngati ali pamtsinje penipeni. Pamtsinje! Ife tikusowa mtsinje kuno? Unatilowera m'nyumba mtsinje umenewu, unatigwetsera zipupa! Ndipo iwe wauika m'foni kuti tiziumveranso?"

Jacqueline anayankha kenakake. Milomo inayenda, koma mawu ake anali a anthu ophunzira aja, oyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Geresomo zimenezi zinkamunyansa. Mkazi wake nayenso anali atayamba matenda omwewo, kung'ung'udza m'malo moyankhula, kenako n'kumati mwamuna sayankha.

"Usandinong'oneze ine! Tandiuza, ndani anayamba waimbapo mluzu wa mvuu? Ndi mwana uti adzapite kusukulu akuimba madzi? Nyimbo ndi imene umachoka nayo, imakutsata kumunda, imakusowetsa tulo. Izi zako munthu akazimitsa foni waiwala."

Anamenya kauntala, mafoni onse n'kudumpha. Chinkamuwawa kwenikweni si mvuu ayi. Chinkamuwawa n'chakuti mwana amene anamuona akuyenda wopanda nsapato wamufufuta ngati choko pabolodi, osabwera n'komwe kudzamuuza pamaso.

"Wakwera pamsana pa njovu, ndiye ukuti kunja kulibe mame. Gemu yako yoyamba ikanafika kuti popanda manja awa?"

"Baba Geresomo," anatero Jacqueline, nthawi ino akukweza mawu, "khalani pansi kaye."

"Nkhabe! Sindikhala. Lonely ali apa, akhale mboni."

Anatola foni ija, natsegula gemu, nakweza voliyumu mpaka pomaliza. Anaiika pakati pa kauntala n'kupinda manja. Madzi anayamba kugavira. Nkhafi inagunda bwato. Mvuu inadzuma.

"Ndi zimenezotu! Tamvera, Lonely. Nyimbo yanga ili pati apa? Nena, usamuope!"

Lonely anayang'ana Jacqueline, kenako pansi. Geresomo anatsata maso akewo, ndipo m'pamene anaona dzanja la mnyamatayo. Zala zake zinkagogoda benchi zokha, mwiniwake osadziwa. Katatu. Kupuma. Kawiri. Panja, mayi wogulitsa nsomba zouma anali ataima ndi beseni pamutu, milomo atasongola, mutu ukugwedezeka pa mapumidwe omwewo.

Jacqueline anazungulira kauntala, misozi ili m'maso, nafika pafupi ndi khutu lake. Anachita kukuwa ngati mmene amakuwira anthu kuchigayo.

"Baba, sindinachotse chilichonse! Madzi ndinangowonjezera pansi. Nyimbo yanu ikulira pamwamba pake, yayamba pomwe mwatsegula gemu!"

Geresomo ananyamula foni ija pang'onopang'ono, naikanikiza kukhutu lamanja, kenako lamanzere. Anamva madzi okha.